Othamanga m'Mapiri a Chisanu Kumpoto kwa England

Dzanja langa lamanzere limayamba kuwawa chisanu chikamayandikira, pamfundo pomwe linathyokera. Linathyoka m'mawa wina wa Januwale, chaka changa choyamba m'tauni ya Keighley ku Yorkshire. Ndinali nditaweruka ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, tulo osabwera, ndiye ndinavala nsapato zothamangira n'kutuluka monga ndinkachitira kwathu ku Dedza. Nthawi inali itadutsa 7 koloko koma kunja kudakali mdima, pakuti miyezi imeneyi dzuwa kuno limatuluka 8 koloko itakwana kale, n'kukalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha, mphepo kulibe. Njira ya oyenda pansi inkangooneka yonyowa, yakuda bii, ikunyezimira ndi magetsi a mumsewu. Sindinapite patali. Pokhota pa kamlatho kena, miyendo yonse iwiri inachoka pansi nthawi imodzi, ndinatambasula dzanja kuti ndidzitchinjirize, ndipo ndinangomva kuti thyo!

Kuchipatala anandiika chikhakha cha masabata 6. Namwino anandiuza kuti kuthyoka kotere kuli ndi dzina la Abraham Colles, dokotala wa ku Dublin amene anakufotokoza mu 1814, ndipo anati kukacha kutaundana mabenchi awo amadzaza ndi anthu ofukata dzanja pachifuwa ngati mwana wakhanda.

Chisanu ndinkachidziwa. Ndinakulira kumene Juni ndi Julayi amawotcha masamba a mbatata m'madimba, udzu wa kudambo n'kucha utayera. Chimene sindinkachidziwa ndi madzi oundana pamsewu osaoneka n'komwe, amene eni dziko amati ayisi wakuda. Usiku kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo, kutentha kumene nthaka inasunga masana kumathawira kumwamba, ndipo pansi pamazizira kuposa mpweya. Foni ingakuuzeni kuti kunja kuli madigiri 2 kapena 3, inu n'kumati madzi sangaundane, chonsecho pansi pafika kale pa ziro. Mlatho ndiye umayambirira, chifukwa kuzizira kumaulowa pamwamba ndi pansi pomwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse aliyense.

Amene anandiyankha ndisanafunse ndi mayi ena achikulire omwe ankabwera Lachitatu lililonse kudzaona achemwali awo kuntchito kwathu. Ataona chikhakha changa anafunsa chomwe chinachitika, n'kupukusa mutu.

"Mwanawe, kukaundana sitithamanga pa phula ayi. Timakwera kuphiri."

"Kuphiri, Mayi? Kumeneko sindiko koopsa kwambiri?"

"Udzu ukauma ndi chisanu umagwira phazi. Ukachira undiuze, ndidzakutenga."

Anasunga lonjezo. Chisanu chotsatira ananditengera kuchitunda cha pamwamba pa Haworth pamodzi ndi anzawo a kalabu yawo, ena azaka zoposa 60. Udzu unali mbuu, ukulira kuti tswa tswa pansi pa nsapato, matope onse atauma gwa ngati njerwa. Phazi linkagwiradi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala pakati pa anthu amenewa, ndipo mbiri ya mwambo wawo ndaimva pang'onopang'ono, m'galimoto popita kumipikisano ndi m'maholo a m'midzi tikumwa tiyi nsapato zili panja.

Mapiri a kuno amawatcha fell, mawu amene anabwera ndi anthu a ku Scandinavia omwe anakhazikika kumpoto kwa England zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mmalawi akawaona koyamba amawaderera. Lalitali kuposa onse mu England, Scafell Pike, ndi la mamita 978, kotero munthu amene waima pamsika wa Blantyre kapena Lilongwe ali kale pamwamba kuposa nsonga yake. Sapitwa ndi mamita 3,002. Koma mapiri a kuno ndi ometa, opanda mtengo woti ubisalepo, ndipo mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic imatha kubweretsa mvula, chifunga ndi sinowo pa ola limodzi lomwelo.

Oyamba kuthamanga m'mapiriwa anali pantchito. Anali abusa a nkhosa, amene nkhosa zawo zimakhala kuphiri chaka chonse. Sinowo ikagwa yambiri imakwirira nkhosa zobisala m'mbali mwa mipanda ya miyala, ndipo mbusa amayenera kukwera msanga ndi galu wake ndi ndodo yaitali, kumabaya pansi mpaka atazipeza. Kuphazi ankavala jombo zachikopa zokhomedwa misomali kunsi. M'zaka za m'ma 1800 anthu olemera atayamba kubwera kudzaona nyanja ndi mapiri a Lake District, amuna a m'midzi yomweyo ndi amene ankalembedwa ganyu yowalondolera njira. Pa zionetsero za pachaka, pakati pa kugwetsana ndi kuonetsa nkhosa, amuna amenewa ankapikisana kuti aoneke wodziwa phiri ndani: kukwera kukagunda mbendera pamwamba, n'kutsika mothamanga anthu onse akuonerera. Ku Grasmere mpikisanowu mpaka lero umatchedwa Guides Race, kutanthauza wa olondolera njira. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira Porters Race ya ku Mulanje, yoyambira pa Likhubula, imene nayo inabadwa pakati pa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi kuwasonyeza njira. Kuno ndi kwathu komwe, amene anayamba kuthamanga paphiri ndi amene phirilo linkawadyetsa.

Ku Burnsall, mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Wharfe osati kutali ndi kumene ndimakhala, amakambabe za Ernest Dalzell wa ku Keswick. Mu 1910 iye anakwera ndi kutsika phiri la pamudzipo m'mphindi zosakwana 13, kutsikako akuchita ngati mwala wogubuduzika. Ambiri anakana kuti wotchi inalakwa, chifukwa panadutsa zaka 67 popanda womuposa, mpaka Fred Reeves mu 1977. Dalzell mwini anakafera kunkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Mipikisano imeneyo inali ya nyengo yofunda. Kuthamanga m'chisanu monga masewera kunadzera njira ina. Mu 1868 anyamata opalasa mabwato pamtsinje wa Thames ku London, pofuna chochita miyezi imene kumtsinje sikupitika, anayambitsa kalabu ya Thames Hare and Hounds. Awiri ankatsogola akumwaza timapepala m'tchire ngati akalulu, ena onse n'kumawalondola ngati agalu osaka. Mpikisano woyamba wa England yense wa mtundu umenewu, mu 1876, unathetsedwa popanda wopambana chifukwa othamanga onse anasochera. Mwambowu utafika kumpoto unagwera m'manja mwa anthu a m'mafakitale a thonje ndi ubweya, amene ankaweruka Loweruka masana. Makalabu otchedwa Harriers anabadwa tauni ndi tauni. Ya ku Bingley, tauni yoyandikana ndi yathu, inayamba mu 1893 ndipo ilipobe. Munthu amene wakhala sabata yonse m'phokoso la makina ndi fumbi la ubweya sakanadikira dzuwa la Juni kuti apume mpweya wabwino. Kumbuyo kwa fakitale kunali chitunda, ndipo ankakwera kaya kugwe chiyani.

Nkhani ya nsapato ndiye imakoma, ndipo yambiri inachitikira ku Bolton. Kumeneko Joe Foster anayamba kusoka nsapato zothamangira za misomali kunsi cha m'ma 1895, ndipo adzukulu ake ndi amene anadzayambitsa Reebok mu 1958, dzina lotengedwa ku kanyama kena ka ku South Africa konga gwape. Koma nsapato za misomali yaitali ndi za pabwalo. Kuphiri anthu ankavala chilichonse chimene anali nacho. Bob Graham, mwini nyumba yogona alendo ku Keswick, mu 1932 anazungulira nsonga 42 za mapiri pa maola 23 ndi mphindi 39 atavala nsapato zansalu zosewerera tenesi, kabudula ndi malaya ogonera. Panatenga zaka 28 kuti wina abwereze ulendowo. Mu 1945 mnyamata wina, Norman Walsh, analowa ntchito kwa a Foster ali ndi zaka 14. Mu 1961 anatsegula shopu yakeyake, ndipo pambuyo pake, mothandizana ndi wothamanga Pete Bland wa ku Kendal, anapanga nsapato yopepuka ya mano a labala osongoka kunsi konse. Nsapato ya Walsh PB inakhala ngati chizindikiro cha fuko, moti akuluakulu a m'kalabu mwathu ena amaivalabe. Kampani ina imene nsapato zake zadzaza m'mapiriwa masiku ano, Inov-8, inayambitsidwa mu 2003 ndi Wayne Edy, mbadwa ya ku Zimbabwe.

Mano a labala amaluma udzu, matope ndi sinowo yofewa. Pa mwala wokutidwa ndi ayisi, kapena panjira ya simenti yonga imene ndinagwera ija, alibe ntchito ngakhale pang'ono. Pamenepo pamafunika chitsulo. Anthu a ku Sweden ndi Finland, amene chisanu chawo chimatenga miyezi yambiri, ndi amene anazolowera nsapato za timitu tachitsulo tolimba kunsi kwake, ndipo zinafika kuno kudzera mwa othamanga ndi mapu m'nkhalango. Amene alibe ndalama zogulira zimenezo amachita zomwe anandiphunzitsa bambo wina wopala matabwa wa m'gulu lathu. Anatenga nsapato zanga zakale, n'kumangirira timasikuluu tifupitifupi tomangira malata m'mphepete mwa chidendene ndi kutsogolo, mitu yake ili kunja, pafupifupi 10 nsapato iliyonse. Zimalira kuti kwe kwe pa phula, ndipo m'nyumba ya eni simulowa nazo, koma zimagwira.

Komabe m'mbiri ya mwambowu kuterereka si kumene kwapha anthu ambiri, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti Mmalawi mnzanga wobwera kumene andimvetsetse. Mpikisano wa Three Peaks kuno ku Yorkshire, wokwera Pen-y-ghent, Whernside ndi Ingleborough, unayamba mu 1954 ndi anthu 6, ndipo atatu okha ndi amene anamaliza. Palibe phiri mwa atatuwa lofika mamita 750. Umachitika kumapeto kwa Epulo, chisanu chenicheni chitapita. Mu 1978 wothamanga wina wa kalabu ya ku London anasochera m'chifunga potsika Ingleborough, ndipo anapezeka atamwalira ndi kuzizira. Zaka 21 m'mbuyo mwake, mu 1957, wina anafa chimodzimodzi pa mpikisano wa Ben Nevis ku Scotland. Ena anatsatira m'zaka za pambuyo pake. Onsewa anali anthu amphamvu, ozolowera kuthamanga.

Munthu ukamathamanga thupi limakhala ngati mbaula, moti kamalaya kamodzi kamakwana ngakhale kunja kuli ziro. Ukangoima, kaya wabinya bondo, kaya wataya njira, kaya mphamvu zatha, moto uja umazima koma thukuta limatsala pakhungu, mphepo n'kumaliuzira. Kutentha kwa m'thupi kumakhala madigiri 37, ndipo kukatsika kupitirira 35 munthu walowa m'ngozi. Amayamba ndi kunjenjemera, kenaka zala zimakanika kutseka zipi, mawu amatuluka ngati a woledzera, miyendo imapunthwa paliponse. Choopsa kwambiri n'chakuti nzeru nazo zimazizira, moti munthuyo saona kuti zinthu zaipa. Amatha kukana jekete, kapena kukhala pansi kuti apume pang'ono.

Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina la Febuluwale. Mtsikana wina wa m'gulu lathu anaponda pamwala woundana powoloka kamtsinje n'kubinya phazi. Sikunali kuvulala kwakukulu, ndipo msewu unali pamtunda wa makilomita awiri okha. Koma pamene tinkamumanga nsalu, pasanathe mphindi 10, milomo yake inali itasintha mtundu, mano akugundana. Mayi aja sanataye nthawi ndi kufunsa. Anamuvula kamalaya konyowa, kumuveka kouma kochokera m'chikwama chawo, jekete pamwamba, chipewa kumutu, n'kumulowetsa m'thumba lapulasitiki lalikulu lija aliyense amayenda nalo. Anamudyetsa maswiti, ife awiri n'kumunyamula m'mapewa mpaka kugalimoto. Ineyo, amene ndinangoima mphindi zomwezo ndili bwinobwino, makiyi anandikanika kuwatulutsa m'thumba.

Malamulo a bungwe la Fell Runners Association, limene linakhazikitsidwa mu 1970, anakhwima chifukwa cha maliro ngati aja. Pa mipikisano yaitali, ndiponso ina yaifupi ya m'chisanu, wothamanga aliyense amayenera kunyamula jekete ndi thalauza zosalowa madzi, chipewa, magolovesi, mapu, kampasi, wezulo ndi chakudya chapadera. Musanayambe mumafola m'holo ya pamudzi, munthu wongodzipereka n'kutsegula kachikwama kanu, kutambasula jekete, kuona ngati misoko yake ili yomatidwa. Chikasowa chimodzi simuthamanga, kaya ndinu katswiri wotani. Ndinaonapo anyamata akung'ung'udza kuti kunja kuli dzuwa, katunduyu ngwachiyani. Ine sinding'ung'udza. Katunduyo ndi wa munthu amene wagona pansi akudikira thandizo, ndipo munthu ameneyo akhoza kukhala mnzako amene wamupeza panjira. Lamulo lina limene salolera kuliphwanya ndi lakuti ukalephera panjira uyenera kukanena kwa okonza mpikisano usanapite kunyumba. Ukangochoka mwakachetechete, anthu adzakwera phiri usiku kukakufunafuna. Okwerawo ndi anthu wamba osalipidwa: aphunzitsi, alimi, amakaniko. Gulu la kudera la Three Peaks, Cave Rescue Organisation, lakhala likuchita zimenezi kuyambira 1935. Wezulo ija ukaiimba kasanu ndi kamodzi, n'kudikira mphindi imodzi, n'kubwerezanso, aliyense wodziwa phiri amamva kuti pali munthu pamavuto.

Zida zitayamba kudalirika, anthu anayamba kulowa dala m'chisanu chimene makolo awo ankangochipirira. Joss Naylor, mbusa wa nkhosa wa ku Wasdale amene anavutika ndi msana kuyambira ubwana, anakwera nsonga 72 pasanathe maola 24 mu 1975, koma zimenezo zinali za nyengo yofunda. Mu Disembala 1986 Selwyn Wright ndi John Brockbank anazungulira njira ya Bob Graham ija m'kati mwa chisanu, pamene mdima umatenga maola pafupifupi 16 pa tsiku. Mu Januwale 2012 kunayamba Spine Race, mpikisano wa makilomita oposa 420 wotsata njira ya Pennine Way kuchokera ku Edale mpaka ku Kirk Yetholm m'malire a Scotland. Chaka choyambacho ananyamuka anthu 11, anafika atatu. Njirayi imadutsa pamwamba pa Haworth pomwe ndinaphunzirira kuponda udzu woundana, ndipo Januwale aliyense timakwera usiku kukaima m'mbali mwake, kumaona timatochi ta pamphumi tikutuluka mumdima kamodzikamodzi. Mu 2019 woyamba kufika ku Kirk Yetholm, patsogolo pa amuna onse, anali Jasmin Paris, dokotala wa ziweto wa ku Edinburgh, pa maola 83 ndi mphindi 12. Anadula maola oposa 12 pa nthawi ya amene anali patsogolo kale. Anali ndi mwana woyamwa, ndipo m'malo opumira ankafinya mkaka asanapitirize ulendo. Nditawafotokozera amayi anga pafoni anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti mwanayo anatsala ndi ndani. Nditawauza kuti ndi bambo ake, anati, "Ndiye kuti anakwatiwa bwino."

Ambiri a ife sitidzafika kumeneko. Timathamanga m'matauni, tisanapite kuntchito kapena titaweruka, ndipo m'tauni moyo wathu uli m'manja mwa mchere. Madzulo kukamaoneka kuti kuundana, magalimoto a khonsolo amayenda akuwaza mchere wofiirira m'misewu, wambiri mwa iwo wokumbidwa ku Winsford m'chigawo cha Cheshire, mgodi umene unatsegulidwa mu 1844. Mchere umachititsa kuti madzi asaundane pa ziro, ngakhale kuti kuzizira kukanyanya kwambiri mphamvu yake imachepa. Koma amawaza misewu ikuluikulu ya mabasi ndi magalimoto. Tinjira ta oyenda pansi tambiri timatsala momwemo, ndipo ogwira ntchito za usiku, amene ambiri ndife obwera, ndi amene timayamba kutiponda m'mawa. Zimenezi zimandipweteka mtima chaka ndi chaka. M'makona mwa misewu yotsetsereka mumakhala mabokosi achikasu a mchere woti aliyense atape, ndipo ine masiku ano ndikamaweruka ndimawaza pakamtunda ka kwathu ndisanalowe m'nyumba.

Anthu a kumpoto kuno amanyadira Ron Hill wa ku Accrington, amene anapambana Boston Marathon mu 1970. Anali katswiri wa sayansi ya nsalu, ndipo zovala zopepuka zosasunga thukuta zimene kampani yake inayamba kusoka zinathandiza kuchotsa othamanga m'malaya a thonje, omwe akanyowa amakhala ngati chisanza chozizira pamsana. Munthu ameneyu anathamanga tsiku lililonse, osadumphitsa, kuyambira Disembala 1964 mpaka Januwale 2017. Ndimamulemekeza kwambiri, koma pa ichi sindimutsatira. Kuli m'mawa wina umene mvula imagwa pa nthaka youndana kale, chilichonse n'kukutidwa ngati galasi, udzu ndi zitseko za magalimoto zomwe. Tsiku lotero ngakhale parkrun, kuthamanga kwaulere kwa makilomita 5 kwa Loweruka lililonse kumene Paul Sinton-Hewitt anayambitsa ku Bushy Park mu 2004, amaiimitsa. Ongodzipereka amayendera njira kusanache, akapeza ayisi amalengeza kuti lero kulibe, ndipo anthu amabwerera kukamwa tiyi popanda mkangano.

Mayi aja anasiya kuthamanga zaka ziwiri zapitazo chifukwa cha chiuno, koma pa 31 Disembala amabwerabe ku Penistone Hill, pamwamba pa Haworth, kumene kumachitikira mpikisano wotsekera chaka wa Auld Lang Syne. Amaima pachipata cha mpanda wa miyala atavala majekete awiri, akulemba manambala a odutsa. Chaka chathachi ndinapita ndi mnyamata wa ku Ndirande amene wangoyamba kumene ntchito kwathu. Usiku wake ndinamumangira timasikuluu m'nsapato zake zakale, n'kumubwereka chikwama changa chachiwiri. M'mawa tisananyamuke ndinamutulutsa panja kuti akhudze galasi la galimoto ya aneba, aone mmene lauma, kenaka apondereze phazi panjira pang'onopang'ono asanaike thupi lonse. Potsika chitunda choyamba ndinamuuza kuti afupikitse mapazi, asiye kanjira kosalala kamene anthu aponda, atsate udzu wa m'mbali, manja akhale kunja kwa matumba. Titafika pachipata paja mayiwo anayang'ana nambala yake, kenaka nsapato zake, kenaka chikwama.

"Wezulo uli nayo, mwanawe?"

Mnyamatayo anaitulutsa pakhosi, pomwe anaimangirira ndi chingwe cha nsapato. Mayiwo analemba nambala yake m'kabuku kawo, n'kutitsegulira chipata.